KUWETA BULUZI WOTCHEDWA ANOLE

Owerenga athu, inu mumadziwa kuweta nkhuku, mbuzi, nkhunda ndi akalulu. Ena mumasunga galu kapena mphaka pakhomo. Koma kodi munamvapo kuti pali anthu oweta buluzi? Musaseke ayi. Ku America ndi ku Ulaya aliko anthu ambiri amene amasunga buluzi m'nyumba. Samudya, ndipo sawagwirira ntchito iliyonse. Amangokondwera kumuona ndi kuphunzira makhalidwe ake.

M'kabuku kano tiwerenga za buluzi wina wotchedwa anole. Potchula dzinali timati "anoli". Buluzi ameneyu ndi wotsika mtengo, choncho makolo ambiri amagulira ana awo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amafa msanga m'manja mwa owaweta. Eni ake amawakonda ndithu, koma sadziwa kasamalidwe kake. Tiyeni tione zimene munthu ayenera kudziwa asanatenge kanyama kameneka.

KWAWO KWA ANOLE

Mitundu ya anole ilipo yoposa 400. Yonse kwawo ndi ku America ndi kuzilumba za Caribbean monga Cuba, Jamaica ndi Puerto Rico. M'tchire la kuno ku Africa mulibe anole.

Amene anthu amaweta kwambiri ndi anole wobiriwira. Akatswiri a sayansi anamupatsa dzina loti Anolis carolinensis m'chaka cha 1832. Kwawo ndi kumwera chakum'mawa kwa United States, m'zigawo monga Florida, Georgia, Louisiana, South Carolina ndi kum'mawa kwa Texas.

Kumeneko n'kofunda, kwa mvula yambiri ndi chinyezi. Anole amakhala m'mitengo, m'zitsamba ndi pamipanda ya nyumba. M'mawa amaothera dzuwa. Likatentha kwambiri amabisala m'masamba. Akamva ludzu amanyambita mame. Akamva njala amagwira tizilombo.

Werenganinso mawu anayi awa: dzuwa, mthunzi, mame, tizilombo. Kutchire anole amazipeza yekha zinthu zimenezi. Akatsekeredwa m'khola sangazipezenso. Womuweta ndiye ayenera kumubweretsera zonse zinayi, tsiku ndi tsiku. Nkhani yonse ya m'kabuku kano yagona pamenepa.

MAONEKEDWE AKE

Anole wamkulu amatalika masentimita 13 mpaka 20. Mbali yaikulu ya kutalika kumeneku ndi mchira. Thupi lake n'lowonda ngati chala, mutu n'ngosongoka. Alibe ululu ndipo sangavulaze munthu.

Wamwamuna ali ndi kachikopa kofiira pakhosi. Amakatambasula ngati chokupizira mphepo, uku akugwedeza mutu. Amatero pofuna kukopa wamkazi kapena kuopseza mwamuna mnzake. Wamkazi n'ngocheperako, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi mzere woyera pamsana.

Kunsi kwa zala zake kuli timamba tokhala ndi titsitsi tosaoneka ndi maso. Timeneti timamuthandiza kukwera ngakhale pagalasi, monga amachitira nalimata pakhoma.

Anole amasintha mtundu. Nthawi zina amakhala wobiriwira ngati tsamba lanthete, nthawi zina wofiirira ngati tsamba louma. N'chifukwa chake anthu a ku America amamuyerekeza ndi birimankhwe. Koma awiriwa n'ngosiyana. Birimankhwe amayenda mwapang'onopang'ono ndipo amagwira chakudya ndi lilime lalitali. Anole amathamanga, amadumpha, ndipo amagwira chakudya ndi kamwa.

Mtundu wa khungu lake umauza mwini wake zambiri. Akafundidwa ndipo mtima uli pansi, kawirikawiri amakhala wobiriwira. Akazizidwa kapena akachita mantha amafiirira. Kufiirira kwa kanthawi si vuto. Koma akakhala wofiirira masiku angapo osasintha, dziwani kuti m'kholamo china chake sichili bwino.

MMENE ANKAFERA KALE

M'zaka za m'ma 1950, ku America anthu ankagulitsa abuluzi amenewa pamalo a zionetsero. Ankawamanga kachingwe m'khosi, ndipo mwana ankakoloweka kachingweko pamalaya ake n'kumayenda naye. Ogula ambiri ankauzidwa kuti azingomupatsa madzi a shuga basi. Pakangopita masiku kapena masabata ochepa, buluzi uja ankafa ndi njala ndi kuzizira.

Lero tikudziwa zambiri. Anole wosamalidwa bwino amatha kukhala zaka 4 mpaka 8. Choncho amene akumugula adziwe kuti akusenza udindo wa zaka zingapo.

KHOLA LAKE

Khola la anole limakhala bokosi lagalasi. Buluzi mmodzi amafunika bokosi lolowa malita pafupifupi 40, ndiye kuti ndowa ziwiri za malita 20. Limeneli ndi laling'ono zedi, losayenera kuchepera pamenepa. La malita 75 ndiye labwino koposa.

Paja tanena kuti anole amakhala m'mitengo. Choncho kholalo likhale lalitali chokwera m'mwamba, masentimita 45 mpaka 60. Khola lotambalala koma lalifupi silimuthandiza.

Pamwamba pakhale chivindikiro cha waya wa timipata ting'onoting'ono, wonga wa pasefa. Wayayu amalowetsa mpweya. Chivindikirocho chitsekeke bwino chifukwa anole amatulukira ngakhale pakampata kochepa.

Pansi ikani dothi lochindikala masentimita 5, lopanda feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo. Pamwamba pake yalani masamba ouma. Mchenga wouma si wabwino chifukwa susunga chinyontho.

Kenaka ikani nthambi, zina choimirira, zina chopingasa. Dzalanimo zomera za masamba otambalala. Masamba akhale ambiri ndithu, oti buluzi n'kubisalamo osaoneka. Mwina mufunsa kuti, "Nanga tizimuona bwanji akamabisala?" Taonani: buluzi wokhala ndi pobisala ndiye amalimba mtima n'kumatuluka. Wosowa pobisala amakhala ndi mantha usana wonse, ndipo amasiya kudya.

Kholalo likhale pamalo okwera, kutali ndi mphaka, utsi ndi phokoso.

KUTENTHA

Thupi la nkhuku kapena la mbuzi limapanga lokha kutentha. La buluzi silitero. Iye amatenga kutentha kuchokera kudzuwa. Akazizidwa amafooka, ndipo chakudya sichigayika m'mimba mwake.

M'nyumba mulibe dzuwa, choncho oweta amaika babu yamagetsi pamwamba pa waya, chakumbali imodzi ya khola. Kunsi kwa babuyo amaikako nthambi yoti buluzi aziotherapo. Kutentha kukhale motere:

Pamalo ootherapo: madigiri 30 mpaka 32.
Mbali yozizira ya khola: madigiri 24 mpaka 26.
Usiku: kusatsike kupitirira madigiri 18.

Chifukwa chiyani babu ikhale mbali imodzi? Inu amene munalerapo anapiye mukudziwa. Akazizidwa amaunjikana pafupi ndi moto. Akatenthedwa amatalikira. Anole nayenso amafuna kusankha yekha. Khola lonse likakhala lotentha, alibe kothawira.

Kutentha sitiyeza ndi dzanja. Pamafunika zipangizo ziwiri zoyezera, china kumbali yotentha, china kumbali yozizira. Babu isakhale m'kati mwa khola, chifukwa buluzi akhoza kuikwera n'kupsa. Ndiponso bokosi lagalasi lisaikidwe padzuwa. M'kati mwake mumatentha msangamsanga ngati m'galimoto yotseka mawindo, ndipo buluzi amafa.

KUWALA KOLIMBITSA MAFUPA

Gawo ili liwerengeni mofatsa, chifukwa oweta ambiri amalakwitsa pamenepa.

M'dzuwa muli kuwala kwina kumene maso athu saona. Dzina lake ndi UVB. Kuwala kumeneku kukafika pakhungu la buluzi, thupi limapanga vitamini D3. Vitamini imeneyi ndi imene imathandiza thupi kutenga kashiamu m'chakudya. Kashiamu ndi mchere umene umalimbitsa mafupa. Ndi womwewo umene umalimbitsa chikamba cha dzira la nkhuku.

Tsono onani mmene zimalumikizirana. Popanda UVB, vitamini D3 imachepa. Vitamini ikachepa, kashiamu salowa m'thupi. Kashiamu akasowa, thupi limayamba kumutenga m'mafupa. Mafupa amafewa, nsagwada zimalobodoka, miyendo imapindika ndi kunjenjemera. Buluzi amalephera kukwera nthambi, kenaka amalephera kudya. Matendawa amadza mwakachetechete, ndipo poonekera amakhala atafika kale patali.

Kuika khola pafupi ndi windo sikuthandiza, chifukwa galasi limatchinga UVB. Babu wamba yowunikira m'nyumba nayonso siitulutsa UVB. Pamafunika babu yapadera imene amagulitsa m'masitolo a ziweto. Iziyaka maola 12 pa tsiku, ndipo pakati pa babuyo ndi buluzi pasakhale galasi. Usiku magetsi onse owala azimitsidwe kuti buluzi agone.

Kumbukiraninso ichi: babu ya UVB imatha mphamvu ngakhale ikuonekabe kuti ikuyaka. Iyenera kusinthidwa pakapita miyezi 6 mpaka 12. Lembani tsiku limene mwaiika pakapepala, n'kumata pakhola. Apa ndi pamene kudziwa kulemba kumapulumutsa moyo wa chiweto.

MADZI

Anole ambiri samwa madzi a m'mbale. Anazolowera kunyambita madontho pamasamba. Mbale ikhoza kudzaza madzi, iye n'kumafa ndi ludzu pambali pake. Zodabwitsa, eti?

Choncho m'mawa ndi madzulo poperani masamba ndi makoma a khola ndi madzi oyera, osazizira kwambiri. Botolo lopopera likhale loti simunalowepo mankhwala. Kupoperaku kumasunganso chinyezi, chimene chiyenera kukhala maperesenti 60 mpaka 70. Kambale kosazama ka madzi kakhalemobe, chifukwa ena amaphunzira kumweramo.

Koma madzi asachuluke mpaka dothi kusanduka matope. M'khola monyowa kwambiri, mosapita mpweya, mumachita chuku ndipo mumayambitsa matenda.

Anole amafundula khungu monga njoka, koma lake limachoka zidutswazidutswa, ndipo kawirikawiri amalidya. Chinyezi chikachepa, khungu lakale limakanirira kuzala ndi kunsonga ya mchira. Likauma limafinya ngati mphira, magazi osayendanso, mpaka chala n'kuduka.

CHAKUDYA

Anole amadya tizilombo tamoyo. Maso ake amatsata chinthu choyenda. Mukamuikira kachilombo kakufa, nthawi zambiri amangokayang'ana. Nsima, mpunga ndi buledi si chakudya chake.

Ku America oweta amagula tizilombo tochita kuweta. Ambiri amagula ta mtundu wa nkhululu koma tating'ono. Ena amagula ntchentche, timphemvu ndi timphutsi. Kusinthasintha n'kwabwino, monga mmene ife timasinthira ndiwo. Tsatirani malamulo awa:

1. Kachilombo kasapose theka la mutu wa buluzi. Kakakulu kakhoza kumutsamwitsa.

2. Wamng'ono adye tsiku lililonse. Wamkulu akhoza kudya tizilombo 2 mpaka 4, tsiku lililonse kapena modumphitsa tsiku.

3. Dyetsani tizilomboto masamba ndi karoti kwa tsiku limodzi musanatipereke. Kachilombo ka njala kali ngati thumba lopanda kanthu.

4. Tiwazeni ufa wa kashiamu. Ikani tizilombo m'kathumba, thiranimo ufa pang'ono, gwedezani, n'kupereka.

5. Madzulo chotsani tizilombo totsala. Tanjala timaluma buluzi usiku akagona.

6. Musapereke tizilombo togwidwa pamalo opopera mankhwala.

7. Musapereke chiphaniphani. Ziphaniphani za ku America zili ndi poizoni, ndipo chimodzi chokha chimatha kupha buluzi woweta.

KUKHALA NDI ANZAKE

Atambala awiri m'khola limodzi mukudziwa mmene amachitira. Anole aamuna ndi chimodzimodzi. Amatambasulirana zikopa za pakhosi, kuseri kwa maso awo kumatuluka kadontho kakuda, kenaka amalumana. Wogonja amasowa kothawira. Amangobisala pansi, osadya, osaothera, mpaka kufa. Choncho m'khola limodzi mukhale wamwamuna mmodzi yekha.

Anole sasungulumwa. Akhoza kukhala yekha moyo wake wonse. Amene akufuna angapo asunge wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri, m'khola lalikulu.

Akakhala pamodzi chotere amaswana. Wamkazi saikira mazira ambiri nthawi imodzi. Amaikira dzira limodzi, n'kulikwirira m'dothi lonyowa. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri amaikiranso lina, ndipo amatero nyengo yonse yotentha. Safungatira. Dzira limaswa lokha pakapita masabata 5 mpaka 7. Mwana amayamba kudzisakira chakudya atangoswa. Achotsedwe msanga m'khola la akuluakulu, chifukwa akhoza kumudya. Wamkazi woikira amafunika kashiamu wochulukirapo.

KUMUGWIRA

Anole ndi chiweto choonera ndi maso. Kwa iye, dzanja lochokera kumwamba lili ngati kabawi kwa mwanapiye. Akamagwidwagwidwa amakhala ndi mantha ndipo amadwala.

Abuluzi ambiri amene amagulitsidwa m'masitolo amakhala ogwidwa kutchire. Amafika ali otopa ndi amantha, ena ali ndi njoka za m'mimba. Wobwera kumene asiyidwe sabata imodzi kapena ziwiri osakhudzidwa. Pambuyo pake mukhoza kumalowetsa dzanja pang'onopang'ono, chakunsi, mpaka adzakwerepo yekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musamugwire mchira. Akagwidwa mchira amaudula yekha n'kuthawa, mchirawo n'kutsala ukuphiriphitha. Umu ndi mmene amapulumukira kwa mbalame ndi njoka. Mchira wina umamera, koma umakhala wamfupi ndi wosawala. M'kati mwake mumakhala kafupa kofewa konga ka khutu. Kumeretsa mchira kumamudyera mphamvu zambiri.

UKHONDO NDI MATENDA

Tsiku lililonse chotsani zitosi ndi tizilombo takufa. Tsukani kambale ka madzi. Dothi likayamba kununkha lisinthidwe.

Buluzi wathanzi amakhala watcheru, maso ali gwa, ndipo amathawa mukamuyandikira. Wodwala amaoneka chonchi: amakhala pansi nthawi zonse, amatsinzina masana, maso amalowa m'kati, mafupa a m'chiuno amaonekera, kapena m'kamwa mumatupa. Mukaona izi, yambani mwayeza kutentha ndi chinyezi, ndipo onani tsiku limene munaika babu ya UVB. Matenda ambiri a anole amayambira pa khola losakonzedwa bwino. Akapanda kusintha, apite kwa dokotala wa ziweto.

Pali chinanso chokhudza thanzi la anthu. Abuluzi, njoka ndi akamba amatha kukhala ndi tizilombo totchedwa Salmonella m'matumbo mwawo, iwo osadwala. Tizilombo timeneti tikalowa m'kamwa mwa munthu timayambitsa kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, limalangiza kuti ana osakwana zaka 5, okalamba ndi anthu ofooka m'thupi asamagwire nyama zoterezi. Aliyense asambe m'manja ndi sopo akagwira buluzi kapena khola lake. Ziwiya za m'khola zisatsukidwe pamodzi ndi mbale zodyera.

AKAKUTOPETSANI MUSAMUTAYE KUTCHIRE

Anthu ena akatopa ndi chiweto amangochitsegulira kuti chizipita. Amaganiza kuti achichitira chifundo. Imvani zimene zinachitika ku Japan.

Kumwera kwa mzinda wa Tokyo, pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,000, kuli zilumba za Ogasawara. Kumeneko kunali tizilombo tosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. M'zaka za m'ma 1960 anole wobiriwira anafika pachilumba cha Chichijima, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anafikanso pa Hahajima. Anaswana kwambiri n'kuyamba kudya atombolombo, agulugufe, nyenje ndi njuchi za kumeneko. Mitundu ina inatheratu pazilumba ziwirizi. M'chaka cha 2005 boma la Japan linamuika m'gulu la nyama zachilendo zowononga, zoletsedwa kuweta kapena kugulitsa. Anthu anayamba kumutchera misampha yomata ngati ulimbo. Komabe mu 2013 anapezekanso pachilumba china chotchedwa Anijima.

Kwawo ku Florida, anole wobiriwira nayenso akuvutika ndi mlendo. Mlendoyo ndi anole wofiirira wa ku Cuba ndi ku Bahamas, amene wadzaza m'chigawo chonsecho. Amalanda malo ndi chakudya, ndipo amadya ana a wobiriwira. M'chaka cha 2014 katswiri wina, Yoel Stuart, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza patizilumba tina ta ku Florida. Wofiirira atafika, wobiriwira anathawira kunthambi za m'mwamba. Patapita zaka 15 zokha, zidzukulu zake zinali ndi timamba ta kuzala tokulirapo, tothandiza kugwira tinthambi toterera ta kumeneko.

Inu amene munaona namasupuni pamtsinje wa Shire mukumvetsa nkhani imeneyi. Chomeracho kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anachifalitsa m'mayiko chifukwa cha maluwa ake okongola. Chamoyo chikafika kudziko lachilendo chikhoza kufa, kapena kuwononga za eni dziko. Amene walephera kusunga anole amupereke kwa munthu wina wodziwa kuweta.

ASANAGULE, MUNTHU ADZIFUNSE

Buluzi mwiniyo amagulidwa ndi ndalama zochepa. Khola, mababu, zoyezera ndi chakudya zimadya ndalama zambiri kuposa mtengo wake. Choncho munthu adzifunse: Kodi ndili ndi magetsi odalirika? Kodi tizilombo ndizitipeza sabata iliyonse? Nanga ndikachoka pakhomo, adzapopera madzi ndani? Kodi malamulo a dziko lino amalola kusunga nyama imeneyi?

Ngati yankho la funso limodzi ndi "ayi", ndi bwino kuleka. Ngati onse ndi "inde", ayambe wakonza khola, n'kuliyesa masiku angapo kuti aone ngati kutentha kuli bwino. Buluzi abwere pomaliza.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Tchulani zinthu zinayi zimene anole amazipeza yekha kutchire.

2. Chifukwa chiyani babu yotenthetsa imaikidwa mbali imodzi ya khola?

3. Fotokozani m'mawu anu mmene kusowa kwa UVB kumafewetsera mafupa.

4. Babu ya UVB yaikidwa pa 1 Malichi. Ngati iyenera kusinthidwa pakapita miyezi 6, idzasinthidwa mwezi uti?

5. Anole akudya tizilombo 3 tsiku lililonse. Adzadya tingati pa masiku 30?

6. Kodi anole anawononga chiyani pazilumba za Ogasawara?

7. Ganizirani chiweto chimene muli nacho pakhomo. Lembani zinthu zitatu zimene chimayembekezera kwa inu tsiku lililonse.